Subaru ya achimwene ndi mafuta a nzimbe

Nthawi iliyonse mukaima pafiling'i n'kuuza wothira mafuta kuti "wa teni sauzande," dziwani kuti simukugula petulo yekhayekha. Gawo lina la zomwe zikulowa m'thankimo linamera m'munda wa nzimbe, ku Dwangwa kapena ku Nchalo. Dziko la Malawi linayamba kusakaniza ethanol ndi petulo mu 1982, pa nthawi yomwe nkhondo ya ku Mozambique inkasokoneza njira za ku Beira ndi ku Nacala zomwe mafuta athu ankadzera. Ambiri amene mukuwerenga izi pafoni munali musanabadwe, inenso chimodzimodzi. Ndiye kuti galimoto za petulo zomwe mwakhala mukukwera, ngakhale njinga yamoto ya kabaza ija, zakhala zikumwako pang'ono mowa wa nzimbe, eni ake osadziwa.

Kwathu nkhaniyi si yachilendo. Bambo anayendetsa thirakitala m'minda ya nzimbe ku Dwangwa zaka zambiri asanapume pantchito. Fungo la molasesi, lomwe ena amatseka nalo mphuno, iwo amalitcha fungo la fizi, chifukwa ndilo linatiphunzitsa tonse anayi. Molasesi ndi madzi akuda onata aja amene amatsala shuga akachotsedwa. Amawathira isiti kuti asase ngati mowa, kenako n'kuwatcheza, basi ethanol watuluka. Bambo amakonda kunena kuti kusiyana kwa fakitale ya ethanol ndi mayi wotcheza kachasu kuseri kwa nyumba ndi kukula kwa mphika basi. Amayi, poti ndi a Mvano, nthabwala imeneyi safuna kuimva n'komwe.

Tsono achimwene anga aakulu ali ndi Subaru Impreza WRX yabuluu, yakale ndithu, yomwe anaiitanitsa ku Japan n'kukaichingamira okha ku Songwe. Injini yake ndi ya malita awiri, yokhala ndi turbo. Ngati munamvapo Subaru ikubwera chapatali, mukudziwa kulira kwake kuja, kokhala ngati munthu akung'ung'udza m'chifuwa. Ana a m'dera lawo amaidziwa isanakhote n'komwe. Loweruka lililonse m'mawa achimwene amakhala ali panja ndi ndowa ndi kansanza, ndipo alamu anga amanena mosabisa kuti mwana woyamba m'banjamo ndi galimotoyo.

Chakumapeto kwa 2024, mizere ya mafuta itafika poti anthu ankagona pafiling'i, achimwene analemba uthenga m'gulu lathu la banja la pa WhatsApp. "Ndapeza njira. Galimoto ndikuisintha kuti iziyendera ethanol. Za mizere ine ndathana nazo." Pansi pake anatumiza mavidiyo atatu a pa YouTube. Onse anali a anyamata a ku America, aliyense ataimirira pambali pa Subaru yake, akusangalala ndi manambala apakompyuta. Mng'ono wathu anaika chizindikiro cha moto. Amayi anafunsa ngati zimenezi n'zololedwa. Bambo sanayankhe kanthu, ndipo kwa ife owadziwa, kukhala chete kwawo ndi yankho kale.

Usiku womwewo alamu anandiimbira. Anali ndi pathupi pa miyezi isanu ndi iwiri.

"Alamu, inu munapita ku yunivesite, tandiwerengereni zinthuzi. Akuti tizipulumutsa ndalama. Koma ndalama zoyambira akufuna atenge pa zomwe tinasunga za kuchipatala ndi katundu wa mwana. Ine ndikakana, aziti sindimvetsa za magalimoto."

Ntchito yanga ndi yolemba, koma kufufuza ndiye ndimadyera. Ndinavomera. Ndinalowamo ngati loya wa alamu, koma m'masabata awiri otsatirawo ndinapeza kuti maloto a achimwene si opusa ayi. Kungoti anasakaniza maloto awiri osiyana n'kuwayesa amodzi.

Mafuta omwe ankanenedwa m'mavidiyo aja ndi E85. Chilembo E chikuimira ethanol, nambalayo ikunena kuchuluka kwake: magawo 85 pa 100 ndi ethanol, otsalawo ndi petulo. Ngakhale ku America komweko nambalayi si yokhazikika. Pa pampu yolembedwa E85 mutha kupeza ethanol woyambira pa 51 mpaka 83 peresenti, malinga ndi dera komanso nyengo, chifukwa kukazizira amaonjezera petulo kuti injini isavute kulira. Petulo wathu wa kuno, malinga ndi cholinga cha boma, amayenera kukhala ndi ethanol wofika 20 peresenti. Choncho zomwe achimwene ankafuna si kuonjezera pang'ono chabe. Ndi kutembenuza mbale yonse, ndiwo zikhale nsima, nsima ikhale ndiwo.

Chomwe anthu a galimoto zothamanga amakondera E85 ndi octane. Mu injini, pisitoni imapanikiza mpweya wosakanikirana ndi mafuta, pulagi n'kuyatsa, moto n'kuyenda bwinobwino kukankha pisitoniyo. Koma kupanikiza ndi kutentha zikachuluka, mbali ina ya mafutawo imaphulika yokha mwachisawawa, injini n'kumamveka ngati wina akugogoda chitsulo mkati. Si kunoka kuja timanena injini ikafa, koma ndi msewu wopita komweko. Octane ndi muyeso wa mmene mafuta amapiririra asanaphulike okha. Injini ya turbo imaumiriza mpweya wambiri kulowa mkati, motero imafuna mafuta opirira kwambiri. WRX ya ku Japan inapangidwa kuti izimwa petulo wa octane yapamwamba wa kumeneko. Ikabwera kuno n'kupeza wocheperako, kompyuta yake ikangomva kugogoda imabweza moto m'mbuyo pofuna kuteteza injini, mphamvu n'kutsika. Octane ya E85 imadutsa 100.

Palinso china. Mukukumbukira sanitizer ya nthawi ya Covid, mmene inkazizirira m'manja ikamauma? Ethanol akamasanduka nthunzi amatenga kutentha kwambiri kuposa petulo. M'injini amachita zomwezo, amaziziritsa mpweya wolowa. Mpweya wozizira, mafuta opirira: wokonza kompyuta atha kukweza turbo ndi kusendeza moto patsogolo popanda kugogoda. Apa ndiye pamachokera manambala omwe anyamata a pa YouTube ankavinira. Ndipo si bodza. Saab 9-5 BioPower ya ku Sweden inkatulutsa horsepower 150 pa petulo, koma injini yomweyo ikamwa E85 inkafika 180. Kampani ina ya ku Sweden komweko, Koenigsegg, mu 2007 inatulutsa CCXR yomwe pa E85 inkafika 1,018, pomwe inzake ya petulo, CCX, inali pa 806. Nditawaonetsa achimwene manambala amenewa anamwetulira ngati ndawapatsa mphoto. Anaganiza kuti loya wa alamu wasintha mbali.

Koma nayi mbali yomwe mavidiyo aja amangoidutsa mothamanga. Lita imodzi ya ethanol ili ndi mphamvu pafupifupi magawo awiri mwa atatu a mphamvu ya lita ya petulo. Kuti petulo apse bwino, kilogalamu imodzi imafuna makilogalamu 14.7 a mpweya. Ethanol weniweni amafuna 9 okha, E85 pafupifupi 9.8. Kutanthauza kuti pa mpweya womwewo, injini iyenera kuthiridwa mafuta ambiri, pafupifupi 30 peresenti kuposa kale. Ethanol ali ngati waganyu wamphamvu amene amamaliza ndime yaikulu dzuwa lisanatenthe, koma pankhomaliro mitanda yake ndi yowirikiza. Mphamvu mupeza ndithu. Zopulumutsa ndalama ndiye nkhani ina.

Tinapita limodzi ku Biwi kwa makaniko amene amaigwira galimotoyo chifikireni. Ndi bambo wachikulire, wolankhula pang'onopang'ono, wa mtundu uja amayamba wapukuta manja asanayankhe funso. Achimwene atafotokoza, madalawo anatsegula boneti n'kuloza zinthu chimodzichimodzi.

"Bwana, mainjekita awa ndi a petulo. Mukawauza kuti alavule mafuta oonjezera chonchi, turbo itakwera, afika pamapeto pa mphamvu zawo. Pakufunika aakulu. Pampu ya m'thanki nayo ndi yomwe inabwera ndi galimoto, yatopa kale. Pakufunika yaikulu, yopirira ethanol. Mapaipi a labala awa, taonani, ayamba kale kung'aluka. Ethanol amaumitsa labala wakale. Fyuluta muzisintha pafupipafupi masiku oyamba, chifukwa ethanol amatsuka zinyalala zonse zomwe zakhala m'thanki zaka zonsezi n'kuzitumiza kutsogolo. Oilo nayenso musamamuchedwetse, makamaka poti inu maulendo anu ndi afupiafupi. Injini ikapanda kutentha bwino, mafuta amatsikira mu oilo."

"Ndiye mutha kupanga, madala?"

"Kumanga zitsulo ndimanga. Koma mutu wa galimotoyi ndi kompyuta. Imeneyo ine sindigwira."

Kenako anatembenukira kwa ine, poona kuti ndikulemba m'foni. "Achemwali, mulembenso ichi. Galimoto yoti kompyuta yake ikudziwa petulo, inu n'kuthiramo ethanol wambiri, mafuta amachepa m'moto. Pa liwiro la mutauni mwina ingotsokomola n'kuyatsa nyali ya chenjezo. Koma mukaponda turbo itakwera, pisitoni imasungunuka. Ndinaionapo pisitoni yoboola pakati ngati donasi."

Nkhani ya kompyutayi ili ndi njira ziwiri. Yoyamba ndi kuilemba mwatsopano kuti izidziwa E85 yekha. Njirayi ndi yotchipirako, koma galimoto imakhala yakwatira mafuta amodzi. Tsiku lomwe muli ku Mzimba, E85 watha, n'kuthira petulo wamba, injini imamira m'mafuta pokhapokha mutasinthanso kompyutayo. Njira yachiwiri ndi kumanga sensa pa paipi ya mafuta, yomwe imayeza kuchuluka kwa ethanol nthawi iliyonse n'kuuza kompyuta. Imeneyi ndiyo amati flex fuel: thirani petulo, thirani E85, sakanizani mmene mungafunire, galimoto imadzikonza yokha. Kunja, ntchito yolemba kompyutayi amaichitira pa makina otchedwa dyno, pomwe galimoto imathamanga matayala ali pa zogudubuza, yokha itamangidwa malo amodzi. Achimwene anali atagwirizana ndi katswiri wina wa ku Johannesburg woti azitumiza mafayilo pa intaneti. Iwo aziika m'galimoto ndi laputopu, aziyesa pamsewu, n'kumabweza zotsatira. Mawu akuti "aziyesa pamsewu" ndinawalemba mzere kunsi.

Masamu ake ndinawachita patebulo la alamu, chakudya chamadzulo chitatha. Achimwene amati akamayendetsa mwaulemu, Subaru imayenda makilomita 9 pa lita. Pa E85 ingatsike kufika pafupifupi 7, mwinanso kuchepera. Kuchokera ku Lilongwe kupita ku Blantyre ndi makilomita pafupifupi 310. Pa petulo ndi malita 34 kapena 35, pa E85 ndi malita 44 kapena kuposa. Thanki ndi ya malita 60. Kupita mufika, nanga pobwerera? Ku Brazil, komwe ethanol amagulitsidwa papampu paliponse, oyendetsa galimoto ali ndi lamulo lawo la m'mutu: mtengo wa ethanol ukapitirira 70 peresenti ya mtengo wa petulo, gula petulo. Kwa E85 malire ake ali cha pa magawo atatu mwa anayi. Pamwamba pa apo mukulipira zambiri pa kilomita iliyonse, musanawerengere n'komwe mainjekita, pampu, sensa ndi katswiri uja. Zonsezo zimagulidwa ndi madola kapena ma rand, ndipo kwacha yathu inali itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023. Alamu sanayankhule. Anangotenga pepalalo n'kuliika pansi pa shuga kuti lisauluke.

Funso lalikulu linali lisanafunsidwe: mafutawo muzikagula kuti? Pa mafiling'i onse omwe ine ndi achimwene timathirapo muno mu Lilongwe, mapampu ndi a petulo, dizilo, mwina ndi palafini. Ethanol wa galimoto amapangidwa ndi Ethanol Company ku Dwangwa ndi PressCane ku Chikwawa, yomwe inayamba mu 2004, ndipo amapita pa matankala kwa makampani a mafuta kuti akasakanizidwe ndi petulo. Yankho la achimwene linali lakuti mnzawo wina akudziwa munthu amene angawapezere m'migolo. Azisakaniza okha ndi petulo pang'ono, E85 wapakhomo.

Mnzake wa mnzake. Tonse tikudziwa mmene nkhani zoyamba choncho zimathera.

Vuto la mgolo ndi lakuti simudziwa chomwe chili mkatimo. Kutcheza wamba, ngakhale kwa pafakitale, kumafika pa 96 peresenti basi, otsalawo ndi madzi. Ethanol wosakaniza ndi petulo amadutsanso gawo lina lochotsa madzi otsalawo. Ndiye pali sipiriti wofiirira wa m'sitolo uja, amene amathiridwa mankhwala ena dala kuti anthu asamwe. Palinso amene angakuthirireni madzi kuti mgolo udzaze, monga amachitira ena ogulitsa petulo wa m'zigubu nthawi ya mizere. Ngakhale mutapeza weniweni, ethanol amakoka chinyezi cha mumpweya. Mgolo wotsegulatsegula m'nyengo ya dzinja umamwa madzi pang'onopang'ono, ndipo madzi akachuluka amabweretsa dzimbiri m'thanki ndi m'mainjekita. Mng'ono wathu uja anafunsa m'gulu ngati kachasu wa mutu sangathandize. Mbale wanga, theka la botolo limenelo ndi madzi. Galimoto singaledzere n'komwe, ingozima.

Amene anathetsa nkhani ya migolo ndi bambo. Achimwene amakhala nyumba ya lendi, mpanda umodzi ndi mabanja ena awiri, choncho ankafuna kukasunga migoloyo kwa makolo, komwe kuli bwalo lalikulu. Anapita Lamlungu masana kukapempha. Bambo anamvetsera mpaka pamapeto, kenako anati:

"Iwe, mafuta amenewa ine ndimawalemekeza kuposa iwe. Ndinaona mmene amawasamalira. Kumeneko munthu sunkayerekeza kulowa ndi machesi m'thumba, tankala isanayambe kuthira ankayamba aimangirira waya wopita pansi kuopa kamoto kakang'ono. Ndiye iwe ukufuna uike migolo iwiri pano, pomwe amayi ako amakoleza mbaula m'mawa uliwonse, adzukulu akuthamangathamanga? Moto wa ethanol masana suoneka bwino, lawi lake ndi lotuwa. Umazindikira utapsa kale. Pakhomo panga ayi."

Amayi anangoonjezera funso lawo lija, ngati n'zololedwa. Anali ndi mfundo. Kusunga ndi kugulitsa mafuta ambiri m'dziko muno kuli ndi malamulo ake, ndipo bungwe la MERA ndilo limapereka zilolezo. Mnzake wa mnzake uja sanatchulepo za chilolezo.

Pofufuza ndinakopeka kwambiri ndi mbiri ya Brazil, mwina chifukwa imafanana ndi yathu kuposa ya anyamata a ku America. Boma la kumeneko linayambitsa ndondomeko ya Proálcool mu 1975, mitengo ya mafuta itakwera padziko lonse. Mu 1979 kunatuluka Fiat 147 yoyendera ethanol yekha, ndipo pofika pakati pa zaka za m'ma 1980 galimoto zatsopano zambiri zogulidwa kumeneko zinali za ethanol. Zinali ndi kathanki kakang'ono ka petulo kongolizira injini m'mawa kukazizira, chifukwa ethanol sachedwa kukana kuyaka kukakhala chisanu. Ndinaganiza za Dedza mwezi wa June. Koma chomwe chinandigwira mtima ndi chomwe chinachitika cha m'ma 1989. Shuga atakwera mtengo kunja, eni mafakitale anaona kuti phindu lili ku shuga, ethanol n'kusowa pamapampu. Anthu omwe anagula galimoto za ethanol yekha pothawa mavuto a petulo anapezeka ali pamzere, akudikira ethanol. Chikhulupiriro chinatha, malonda a galimotozo anagwa. Zinadzabwerera mwakale mu 2003 pomwe Volkswagen inatulutsa Gol ya flex fuel, yopatsa mwini wake ufulu wosankha papampu.

Kunonso zinayesedwapo. Cha m'ma 2006 ndi 2007, Mitsubishi Pajero ina inasinthidwa ku Lilongwe Technical College kuti iziyendera ethanol, ndipo kunabweranso Ford EcoSport ya flex fuel kuchokera ku Brazil, zonse pofuna kuona ngati zingatheke pa misewu yathu. Galimotozo zinayenda. Chomwe chimatigwira mwendo si injini ayi, ndi molasesi. Amachokera ku zigayo za shuga, zigayozo zimagaya nzimbe nyengo yake, osati chaka chonse, ndipo molasesi amene alipo nthawi zambiri sakwanira ngakhale kufikitsa 20 peresenti ija. Dziko lomwe likuvutika kudzaza gawo limodzi mwa magawo asanu a thanki silingakulonjezeni magawo anayi.

Tsiku lina madzulo, alamu atapita kukagona, ndinawafunsa achimwene maso ndi maso.

"Achimwene, tiuzane zoona. Mukufuna kuthawa mizere, kapena mukufuna galimoto izithamanga?"

Anaseka. "Zonse."

"Zonse sizikutheka. Ya mizere yagwa, poti pampu ya E85 palibe. Ya ndalama yagwa, masamu mwawaona. Yatsala imodzi."

Anakhala chete kanthawi, akuseweretsa makiyi. Kenako anati, "Iwe, ukudziwa mmene zimawawira kugona m'galimoto pafiling'i mpaka m'mawa, udzudzu ukukudya, uku ukudziwa kuti kuyambira ku Nkhotakota mpaka ku Chikwawa kuli nzimbe zokhazokha? Bambo anakalambira m'nzimbe. Ine ndikufuna ndithire mafuta a kwathu m'galimoto yanga, ndimve mmene imakokera. Chalakwika n'chiyani?"

Palibe chomwe chinalakwika, ndipo ndinawauza choncho. Ine sindili m'gulu la anthu amene amaona mnyamata wokonda galimoto n'kumati ndi wachibwana. Wina amathera ndalama zake pa mpira, wina pa mafoni, wina pa nsapato. Achimwene samwa, sasuta, chawo ndi Subaru. Munthu amene amafuna kumvetsa injini yake mpaka kudziwa kuti mainjekita amalavula zingati pa mphindi, ameneyo ndi wofunika m'dziko lomwe zambiri timangogula zopangapanga. Ndipo tsiku lomwe pampu ya ethanol idzaime pafiling'i, anthu ngati iwowa ndiwo adzayambe kuphunzitsa ena. Chomwe ndinakana ndi kuveka chilakolako malaya a bajeti. Ngati ndi zosangalatsa mtima, zitchulidwe dzina lake, zidikire nthawi yake, ndipo zilipiridwe ndi ndalama za zosangalatsa, osati za thewera.

Alamu anadzandiuza pambuyo pake kuti ndalama sizinali mantha awo aakulu. Chomwe chinkawasowetsa tulo ndi mzere uja ndinalemba kunsi. Kuti katswiri wa ku Johannesburg apeze manambala omwe akufuna, galimoto iyenera kupondedwa mpaka pansi, kuchokera pa liwiro lotsika mpaka injini italira pamapeto, kangapo konse, fayilo iliyonse ikabwera. Popanda dyno, malo ake ndi msewu. Achimwene ankati azichita usiku pa Bypass, magalimoto atachepa. Koma misewu yathu usiku simukhala mopanda anthu. Muli wanjinga wopanda nyali atasenza matumba a makala, muli woyenda pansi wovala zakuda, muli lole yofa yomwe chenjezo lake ndi nthambi za mtengo. "Alamu," anatero, "ine ndikufuna mwanayu adzawadziwe bambo ake pamaso, osati pa chithunzi." Mawu amenewa sindinawapititse kwa achimwene. Ndinawauza alamu kuti akanene okha, ndipo anakanena.

Zomwe zinachitika pamapeto n'zosakoma kuika pa YouTube. Madala a ku Biwi anasintha mapaipi a labala aja, fyuluta ndi pampu, zomwe zinkafunika kusinthidwa ngakhale pakanapanda nkhani ya E85. Ndalama zake zinachokera m'thumba la achimwene, za mwana sizinakhudzidwe. Mainjekita aakulu sanagulidwe. Katswiri wa ku Johannesburg anauzidwa kuti adikire. Masabata atatu omaliza alamu asanachire, achimwene anadzaza thanki atagona pamzere usiku umodzi, n'kuimika galimotoyo osaigwira. Kuntchito ankapita pa minibasi, munthu amene chigulireni Subaru anali asanakwerepo. Usiku womwe matenda anayamba, inalira kamodzi kokha, ndipo alamu amati aka kanali koyamba kuwaona amuna awo akuyendetsa ngati anyamula mazira.

Sensa ya flex fuel yokha ndiyo ilipo. Zinadziwika kuti anali ataiitanitsa kale asanalembe n'komwe uthenga uja m'gulu. Ndi kachitsulo kakang'ono kokwana m'dzanja, kali m'bokosi lake pamwamba pa wadiropu, pambali pa beseni losambitsira mwana. Masiku ano achimwene akuti akufuna kuimanga ndi kawotchi kake pa dashibodi, osasintha china chilichonse, kuti azingoona kuchuluka kwa ethanol mu petulo wa filing'i iliyonse yomwe athirapo. Kunena zoona, nambala imeneyo inenso ndikufuna kuiona. Alamu avomera, koma ati choyamba ugulidwe mpando wa mwana wa m'galimoto, wa malamba ake, osati womunyamula pamiyendo. Loweruka lapitali tinazungulira nawo pa kaunjika kufunafuna. Tinapeza umodzi wabwino, koma wogulitsa anakana kutsitsa mtengo, ndiye tibwererakonso mwezi ukatha.